Njinga za Nandolo ndi Waya wa Sola

Nyengo ya nandolo ikafika ku Molumbo, khalani m'mbali mwa njira mamawa muone njinga. Ina yamanga thumba limodzi pakaliyala, ina awiri, mwini wake akukankha pachitunda thukuta lili kamukamu, onse akulowera kumene kuli sikelo ya ogula. Amene anaonapo zimenezi akudziwa kale theka la nkhani ya magetsi, ngakhale sanagwirepo waya.

Magetsi amayenda m'waya ngati njinga zija m'njira. Katundu amene njinga iliyonse yasenza ndiwo ma volts. Kuchuluka kwa njinga zodutsa pamalo amodzi pa kamphindi ndiwo ma amps. Nandolo yense wofika pasikelo pa kamphindi komweko ndiwo ma watts, mphamvu imene ikugwiradi ntchito. Wogula aliyense amadziwa kuti njinga khumi za matumba awiriawiri zabweretsa matumba makumi awiri. Ndi momwemonso kuno: chulukitsani ma volts ndi ma amps, mupeza ma watts. Babu la pabatire ya ma volts 12 likamakoka theka la amp, ndiye kuti likudya ma watts 6.

Tsono njira sizifanana. Pali msewu wotakasuka, pali kanjira ka m'malire a minda, palinso mlatho wa mitengo iwiri pomwe wokwera amatsika n'kuwoloka mwakachetechete. Kuthina kwa njira ya magetsi kumayezedwa mu ma ohms, dzina lochokera kwa Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene anasindikiza lamulo lake mu 1827. Lamulolo ndi lalifupi: gawani ma volts ndi ma amps. Babu lija likamayaka, 12 kugawa ndi theka ndi ma ohms 24. Pababu pamathina mwadala, chifukwa ndi pamene katundu ayenera kutsitsidwa kuti asanduke kuwala. Tsoka limabwera njira ikathina pamalo olakwika.

Ndinaziona kwa alamu anga. Anagula sola, batire ndi TV ya ma watts 60 kuti anthu azionera mpira pakhonde. Dzuwa likalowa, mpira usanafike ndi pakati pomwe, TV inkazima.

"Alamu, batire iyi anandipusitsa nayo," anatero. "Mawa ndikaibweza."

"Musanapite, tagwirani waya uyu," ndinawauza.

Kanali kawaya kopyapyala konga ka sipika, koyenda mamita khumi kuchokera kuchipinda, kudutsa pansi pa denga laudzu mpaka pakhonde. Anakagwira n'kundiyang'ana. Kanali kofunda ngati mbatata yongophula kumene.

Tinawerengera pansi ndi kamtengo. Ma watts 60 kugawa ndi ma volts 12 ndi ma amps 5. TV yamphamvu yomweyo pamagetsi a kampani ya EDM, a ma volts 220, siikanafika ndi theka la amp. Batire imasenzetsa njinga iliyonse katundu wochepa, choncho pamafunika njinga zambirimbiri kuti nandolo akwane pasikelo. Zonsezo zinkapanikizana m'kanjira ka alamu. Magetsi amapita n'kubwerera, ndiye mamita khumi amakhala makumi awiri, ndipo waya wamkuwa wa 0.75 mm² wotalika chomwecho uli ndi pafupifupi theka la ohm. Ma amps 5 kuchulukitsa ndi theka ndi ma volts awiri ndi theka otayikira m'njira. Pa 12 pankatsala 9.5 ofika pa TV. Otayikawo muwachulukitse ndi ma amps 5, mupeza ma watts 12.5 amene ntchito yake inali kungotenthetsa waya pafupi ndi udzu wouma.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kutayikaku sikukula pang'onopang'ono. Njinga zikachuluka kawiri m'kanjira kothina, zimagundana kwambiri moti iliyonse imataya kawiri, ndipo zotayazo zachulukanso kawiri. Nandolo wa pansi amachuluka kanayi. Munthu akawonjezera sipika, mababu ndi mafoni otchaja pakawaya komweko, kutentha kumakwera mofulumira kuposa mmene akuganizira. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti pafupi ndi batire pakhale fyuzi, kuti zikavuta iduke iyoyo denga lisanagwire moto.

Akatswiri a ku damu la Cahora Bassa, pa Zambezi ku Tete, analimbana ndi vuto lomweli pamlingo waukulu. Magetsi awo amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Pamtunda wotere, njinga zikanataya katundu yense m'njira. Iwo amakweza magetsiwo kufika ma volts 533,000, kukhala ngati akweza nandolo m'malole: magalimoto ochepa, katundu wambiri, njira yosapanikizika.

Amene ali ndi kamita koyezera akumbukire fanizo lomweli. Ma volts mumayeza pogunditsa timawaya take kumitu iwiri ya batire, ngati kusuzumira m'thumba. Ma amps amafuna kuti mumasule waya n'kulowetsa mita m'njira momwemo, ngati munthu woima pamlatho kuwerenga njinga. Mita ikakhala pa amps, musaigunditse kumitu iwiri ya batire, ipsa.

Kwa alamu tinali ndi njira ziwiri. Waya wa 2.5 mm² ukanataya ma volts osafika ndi imodzi pamtunda womwewo, koma unkafuna ma meticais amene analibe tsikulo. Tinanyamula batire n'kuiika kuseri kwa chitseko, mamita awiri kuchokera pa TV, tinadula waya wotsalawo n'kuikapo fyuzi ya galimoto. Usiku umenewo mpira unatha wonse, ndipo alamu atagwiranso waya uja anaupeza uli zii.