Khadi la NHIMA ndi thukuta la m'makomboni a Lusaka

Inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse ku Zambia inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018, ndipo bungwe loiyendetsa, NHIMA, linayamba kutolera ndalama mu Okutobala 2019. Wolembedwa ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake mwezi uliwonse, abwana ake n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina. Ndalamayo imachoka malipiro asanafike m'manja, choncho wodulidwayo amadziwerengera ngati munthu amene wagula kale mankhwala.

Mkwiyo umabuka pazenera lolandirira mankhwala. Zipatala za ku Matero, Kanyama ndi Chawama zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, nyumba n'zooneka bwino ndithu, koma dandaulo la odwala silisintha: munthu walawirira pamzere, dokotala wamulembera mankhwala, kenako akuuzidwa kuti atha. Akapita ku famase yolandira khadi, nthawi zina amabwezedwa, eni ake akudandaula kuti NHIMA ikuchedwa kuwalipira. Popeza boma linachotsa kale malipiro a chithandizo choyambirira m'zipatala zake mu 2012, ambiri amafunsa chimene khadilo lawonjezera. Funsoli lili ndi mbali yosalungama, pakuti khadi limathandizadi pa opaleshoni ndi zopima zodula, koma amene wabwerera kunyumba chimanjamanja sawerengera zimenezo.

Komabe okwiyawa ndi amene ali pabwino pang'ono. Anthu ambiri a ku George, Kalingalinga kapena Mtendere alibe malipiro oti n'kudulidwa. Ndi amayi ogulitsa tomato ku msika wa Soweto, makondakitala a minibasi, oswa miyala, aganyu. Akhoza kulembetsa n'kumalipira okha, koma ndalama ya mwezi ndi mwezi imavuta kwa munthu amene amapeza ya tsiku ndi tsiku. Kwa iwo mtengo waukulu wa matenda ndi tsiku lotayika pamzere, chifukwa tsiku limenelo pakhomo sipaphikidwa.

N'chifukwa chake kugwira ntchito uku ukudwala kumatamandidwa. Mayi wodzuka tambala asanalire kukapikula ndiwo, malungo ali m'thupi, amatchedwa wolimba. Wogona masana amanenedwa ulesi. Lamulo la ntchito la mu 2019 limati sabata yantchito ndi maola 48, owonjezera alipiridwe mwapadera, ndiponso limapereka tchuthi cha matenda cholipidwa. Mlonda wochezera usiku wonse ku Kabulonga kapena wantchito wam'nyumba wopanda kontrakiti yolembedwa kawirikawiri salitchula n'komwe lamulolo, podziwa kuti ofuna malo ake ndi ambiri.

Zotsatira zake zimaonekera kuchipatala komweko. Anthu amameza panado wa pakantemba n'kupitiriza ntchito, ndipo matenda monga kuthamanga kwa magazi ndi shuga amadziwika atakula kale, pamene kuchiza kwake kumadyera banja ndiponso thumba la NHIMA ndalama zambiri.