Phunziro la Zidina ndi Zotsala za M'munda

Mphunzitsi amene watumizidwa ku Rivirivi sachedwa kuona mauvuni a njerwa, ndiponso zitsa pamene panali mitengo. Uvuni umadya nkhuni zambiri, n'chifukwa chake m'chaka cha 2018 boma la Malaŵi linaletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi zamalonda. Komabe ana ambiri amayesa chidina njerwa ya amphaŵi. Maganizo otere sachoka ndi mawu okha. Ana ayenera kudzionera.

Gaŵani ana m'magulu aŵiri. Gulu loyamba liumbe zidina ndi dothi lokha. Lachiŵiri lisakanize dothilo ndi mapesi oduladula kapena mankhusu a mpunga, amene alimi a ku Machinga amangotaya. Chikombole chikhale chimodzi. Zidinazo ziume pamthunzi milungu iŵiri, kenaka ana aŵerenge ming'alu ndi kulemba m'makope.

Dothi likamauma limanyala ndi kung'aluka, koma timapesi timaligwira monga ulusi m'nsalu. Tikachulukitsa, chidina chimafumbutuka. Musafulumire kufotokoza zimenezi. Yambani mwafunsa ana chifukwa chake. Potsiriza akumbutseni kuti khoma la zidina limafuna maziko okwera ndi denga lotchinga mvula.