Ulendo wa pa ndege wa ku Joni: zomwe timamva ndi zoona zake

Kuno ku Ntcheu, mabanja ambiri ali ndi m'bale ku Joni. Njira ya basi timaidziwa bwino: Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Koma za ndege ambirife timangomva kwa anzathu, ndipo zina mwa izo zimatitayitsa ndalama.

Pa ndege ndi maola awiri basi

M'mwamba, inde. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa OR Tambo ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo ndege yosaima pena imatenga maola awiri ndi theka kapena kucheperako. Koma ulendo wathu suyambira pa bwalo. Kuchoka pa Ntcheu Boma, kudutsa Lizulu ndi Dedza mpaka ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 160, ndipo Lumbadzi ili patsogolo pa tauni. Minibasi imadikira kudzaza, imaima pa rodibuloko, imatsitsa ndi kukweza. Ndege zina zochokera ku Lilongwe zimayamba zatera ku Chileka. Wowerengera maola awiri okha amauza m'bale wake nthawi yolakwika, m'baleyo n'kujomba ku ntchito pachabe.

Bola ufike ndege isananyamuke

Basi imatidikira tikaikodola, n'chifukwa chake timaganiza chonchi. Ndege sitero. Pa maulendo opita kunja, kaunta yolandira katundu imatsekedwa pafupifupi ola lathunthu ndege isananyamuke, ndipo pambuyo pake pali kudinditsa pasipoti ndi kusechedwa. Ndi bwino kufika patatsala maola atatu. Ukachedwa, ndege imapita iwe uli pomwepo, ndipo matikiti otsika mtengo nthawi zambiri sabweza ndalama. Ndalama zimene mwana wakhetsera thukuta miyezi ingapo ku Joni zimatha m'mawa umodzi. Ngati ndege ndi ya m'mawa, tiyeni tikagone pafupi dzulo lake.

Wa ku Ntcheu ayenera kukwerera ku Lilongwe

Osati nthawi zonse. Tili pakati pa mizinda iwiri, ndipo Chileka ili kufupi ndi Johannesburg: makilomita pafupifupi 1,350. Kwa wa ku Manjawira kapena Senzani, kulowera ku Zalewa n'kwachidule kuposa kukwera ku Dedza. Tiyerekeze mitengo ya mabwalo onse awiri tisanagule.

Nthawi ya pa tikiti ndi ya kwathu kuno

Pa ulendo wa ku Joni palibe vuto, chifukwa Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi. Koma tikiti imalemba nthawi ya malo amene ndege ikunyamukira kapena kutera. Addis Ababa ndi Nairobi, kumene ambiri timasinthira ndege popita kutali, ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Wosasintha wotchi yake amakhala pabenchi akuganiza kuti nthawi ikadalipo, geti litatsekedwa kale.