NTHENDA YOTUPITSA YOYENDA M'MAGAZI A BANJA

Kuno ku Mambwe, munthu akatupa milomo, manja kapena nkhope popanda cifukwa cooneka, ambiri aganizira ufiti, makamaka ngati makolo ake anali kutupa cimodzimodzi. Koma madokotala adziwa nthenda ina yosowa yochedwa hereditary angioedema, imene igwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 50,000 ndipo iyenda m'banja. Kutupako sikuyabwa, kukhala masiku awiri kufikira asanu, kenaka kutha, nkudzabweranso.

M'caka ca 1963, Virginia Donaldson ndi Richard Evans a ku America anapeza kuti magazi a odwalawa apereweredwa cinthu coletsa kutupa. Kucokera apo akatswiri anayamba kufunafuna mankhwala otsekereza nthendayi isanabuke. Danazol, amene anayesedwa mu 1976, anathandiza, koma amavutitsa ciwindi. Mu 2018 boma la America linavomereza jekeseni ya lanadelumab, yobaya pa milungu iwiri iliyonse, ndipo mu 2020 mapilisi a berotralstat akumwa tsiku ndi tsiku. Mankhwala atsopanowa ndi okwera mtengo kwambiri.

Coopsa ndico kutupa kwa pakhosi, pakuti kutseka mpweya. Mau akayamba kusintha, musataye nthawi: fulumirani ku cipatala ca Kamoto kapena ciliconse capafupi, ndipo uzani adokotala za acibale onse otupa motero.