Kodi sukulu imabwezadi ndalama za mbuzi?

Teremu ikamayandikira kutsegulira, makolo ambiri amasanduka akatswiri a masamu. Bambo amayang'ana mbuzi ziwiri zomwe zatsala m'khola, nayang'ana kalata ya fizi, kenako maso amagwera pa mwana wa mnansi amene anakhoza bwino MSCE zaka zinayi zapitazo koma lero akupalasa kabaza. Funso limabwera lokha: mbuzi zangazi ndizigulitsirenji? Ena afika ponena poyera kuti masiku ano sukulu n'kutaya nthawi, bola mwana ayambe geni akadali wamng'ono.

Funsoli si la pakhonde pokha. Akatswiri a zachuma alimbana nalo kwa zaka zoposa 60. Theodore Schultz ndi Gary Becker a pa yunivesite ya Chicago ndiwo anatchukitsa ganizo lakuti maphunziro ali ngati feteleza: umalowetsa ndalama lero, phindu lake udzaliona pokolola. Mu 1974, Jacob Mincer anatulutsa buku losonyeza njira yowerengera phindulo, poyerekeza malipiro a anthu ndi zaka zomwe anakhala pasukulu komanso zomwe akhala pantchito. Njira yakeyo yagwiritsidwa ntchito m'mayiko oposa 100. George Psacharopoulos ndi Harry Patrinos atasonkhanitsa zotsatira zake mu 2018, anapeza kuti chaka chilichonse cha sukulu chimakweza malipiro a munthu ndi pafupifupi 9 peresenti. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yomwe mnzako amalandira, iwe amene unakhala chaka chimodzi chowonjezera m'kalasi umalandira K109, osati mwezi umodzi wokha koma moyo wako wonse wapantchito. Anapezanso kuti phinduli limakulirapo kwa akazi kuposa amuna.

Koma munthu wochenjera angatsutse, ndipo akatswiri okhaokha anatsutsanadi. Mwana amene amafika patali ndi sukulu nthawi zambiri amakhala wa mutu wakuthwa kale, kapena wochokera kubanja la mwanaalirenji, kwa amalume odziwana ndi mabwana. Mwana wotere akadapeza bwino ngakhale akadalekera panjira. Nanga tidziwa bwanji kuti ndi sukulu imene yamukweza? Michael Spence anawonjezera mfundo ina yowawa mu 1973: mwina sitifiketi ndi chizindikiro chabe chouza wolemba ntchito kuti uyu ndi wopirira ndi womvera, ngakhale zomwe anaphunzirazo zilibe ntchito pakampanipo.

Apa m'pamene kafukufukuyu amakomera, chifukwa ofufuza anachita kusaka njira zanzeru zolekanitsira sukulu ndi mwayi wobadwa nawo. M'tauni ya Twinsburg, m'chigawo cha Ohio ku America, mapasa amasonkhana chaka ndi chaka pachikondwerero chawo. Mu 1991, Orley Ashenfelter ndi Alan Krueger anapita kumeneko kukafunsa mapasa ofanana ndendende za sukulu ndi malipiro awo. Anthu awiri a mimba imodzi, magazi amodzi, oleredwa pakhomo limodzi, koma wina anapitirira ndi sukulu kuposa mnzake. Wopitirirayo anapezeka kuti amalandira zambiri. Apa sunganene kuti n'chifukwa cha banja.

Esther Duflo anatsata njira ina. Pakati pa 1973 ndi 1978, boma la Indonesia linamanga sukulu za pulayimale zoposa 61,000, zochuluka m'maboma ena kuposa ena. Duflo anayerekeza anyamata amene anali aang'ono sukuluzo zikumangidwa ndi achimwene awo amene msinkhu wa pulayimale unali utawapitirira kale. Ang'onoang'onowo anakhala zaka zochulukirapo m'kalasi, ndipo atakula malipiro awo anakwera ndi pakati pa 7 ndi 11 peresenti pa chaka chilichonse chowonjezeracho. Palibe anawasankha chifukwa cha nzeru. Sukulu inangowayandikira.

Choncho pa funso loyamba lija yankho lilipo: inde, sukulu payokha imakweza munthu. Chomwe chavuta ndi chakuti phindulo silituluka paliponse mofanana, ndipo umboni wa zimenezi wachokera kuno ku Africa.

Ku Ghana mu 2008, Duflo yemweyo pamodzi ndi Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anatenga achinyamata 2,064 amene anasankhidwa kupita ku sekondale koma anali pakhomo chifukwa chosowa fizi. Anachita maere, ndipo 682 analipiriridwa sukulu. Kenako anawalondola onsewo kwa zaka 15. Mwa amene anapata mwayiwo, 73 mwa 100 aliwonse anamaliza sekondale, pomwe mwa anzawo aja anamaliza ndi 45 okha. Pamayeso oyesa nzeru anaposa anzawo, ndipo atsikana anachedwa kutenga mimba. Koma pa nkhani ya ntchito, phindu lonse looneka linali lakuti atsikana ochulukirapo analowa ntchito za boma. Anyamata sanasiyane kwenikweni ndi anzawo amene sanalipiriridwe. Ambiri anatha zaka akudikira malo a m'boma, omwe ndi ochepa ndipo sachuluka chifukwa chakuti ophunzira achuluka. Aliyense amene anaonapo chinamtindi cha anthu onyamula maenvelopu a khaki pa tsiku la intavyu ya malo ochepa chabe akudziwa zomwe ofufuzawa ankanena.

Kwathu kuno, m'boma la Zomba munachitika kafukufuku wina amene amatchulidwa padziko lonse. Mu 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anatsata atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. M'madera ena, mtsikana ndi makolo ake ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi pokhapokha ngati mwanayo akupita kusukulu mosajomba. M'madera ena ankalandira popanda lamulo lililonse, ndipo kwina sankalandira kanthu. Ndalama ya lamulo ija inasunga atsikana ambiri m'kalasi. Ndalama yopanda lamulo ndiyo inachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba, makamaka pakati pa amene anasiya sukulu, chifukwa iwo sanalandidwe thandizolo atasiya. A zaumoyo anatchera khutu mu 2012 pamene magazini ya The Lancet inasindikiza kuti patapita miyezi 18, atsikana a pasukulu olandira ndalama amene anapezeka ndi HIV anali 1.2 peresenti, pomwe mwa osalandira anali 3 peresenti. Mtsikana wokhala ndi yake ya sopo sankafunanso ya bambo wachikulire.

Ofufuzawa sanalekere pomwepo, ndipo apa ndiye tiwayamikire. Anabwereranso patatha zaka zoposa ziwiri ndalama zitaleka. Kwa amene ankalandira popanda lamulo, zambiri zinali zitafufutika: maukwati ndi mimba zinangochedwa, kenako zinabwera. Amene anasinthikadi ndi atsikana omwe anali atasiya kale sukulu nabwezedwa m'kalasi ndi ndalama ya lamulo ija. Iwo anaphunzira zaka zochulukirapo, anakwatiwa mochedwa, anabereka ana ochepa. Koma malipiro awo sanakwere. Kumudzi kumene anabwerera, ntchito yomwe inalipo ndi ganyu, ndipo khasu silifunsa kuti unalekera kalasi yanji.

Pali chinanso chomwe chiwerengero cha 9 peresenti chija chimabisa. Chimawerenga zaka zokhala pa desiki, kapena pansi pa mtengo, osati zomwe zalowa m'mutu. Mu 1994 boma la Malawi litachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Linali khomo lotseguka kwa ana a anthu osauka, ndipo palibe angafune kuti litsekedwenso. Koma aphunzitsi, makalasi ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo mpaka lero mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 amatha kuyang'anizana ndi ana oposa 100. Banki Yaikulu Padziko Lonse inayerekeza mu 2022 kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ana pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse a zaka 10 satha kuwerenga kankhani kosavuta n'kumvetsa. Eric Hanushek ndi Ludger Woessmann asonyeza kuti chuma cha dziko chimayenda limodzi ndi zomwe ana amadziwadi, kuposa kuchuluka kwa zaka zomwe avala yunifolomu.

Thanzi nalo lili m'kati. Ku Busia, m'dziko la Kenya, ana a m'sukulu 75 anayamba kulandira mankhwala a njoka zam'mimba kuyambira mu 1998. Edward Miguel ndi Kremer anapeza kuti kujomba kunachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Patatha zaka 20, amene analandira mankhwalawo kwa zaka zowonjezera ankapeza ndalama zokwererapo ndi 13 peresenti pa ola lililonse la ntchito. Akatswiri ena amakayikira kukula kwa phinduli, koma mtengo wa piritsi ndi wochepa kwambiri moti ngakhale phindulo litakhala theka, palibe chotayika.

Nanga bambo wa mbuzi uja atani? Choyamba asapusitsidwe ndi maso. Wa kabaza wa MSCE amaoneka tsiku lililonse pa siteji, pomwe mnzake amene anapeza ntchito ya unamwino anasamukira kutali ndipo saonekanso. Robert Jensen anapeza zomwezi ku Dominican Republic: anyamata ankaderera phindu la sekondale chifukwa ankangoona anthu a m'dera lawo, ndipo amene anauzidwa malipiro enieni anakhalitsako pasukulu. Kuweruza sukulu potengera amene atsala pamudzi n'kulakwitsa masamu.

Mbuziyo igulitsidwe ndithu, makamaka ngati mwanayo ndi wamkazi. Koma fizi ikalipiridwa, ntchito ya kholo sinathe. Madzulo ano muitaneni mwana wanu wa Sitandade 4, mumupatse nkhani ino, awerenge mokweza ndime yoyamba ija, kenako akufotokozereni zomwe bambo uja akuganiza. Akakakamira, musadikire zotsatira za mayeso. Mawa m'mawa pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake.