Zinthu 10 Zodabwitsa pa Nkhondo Yofuna Kumanga Manja Boma la America pa Ngongole

Boma la United States of America lili ndi ngongole yoposa madola 36 thiriliyoni, ndipo m'chaka cha zachuma cha 2024 chiwongoladzanja chokha chinadya ndalama zambiri kuposa zomwe zinapita ku asilikali. Kwa zaka pafupifupi 50 tsopano, aphungu a m'zigawo zambiri za dzikolo akhala akulimbana kuti m'malamulo aakulu a dziko mulowe chiletso chakuti boma la ku Washington lisamagwiritse ntchito ndalama zoposa zomwe latolera. Nazi zinthu khumi zomwe nkhondoyi yaonetsa.

1. Khomo lilipo, koma silinatsegulidwepo

Ndime 5 ya malamulo aakulu a dzikolo imapereka njira ziwiri zosinthira malamulowo. Yoyamba ndi yakuti aphungu awiri mwa atatu alionse m'nyumba zonse ziwiri za Congress avomereze. Yachiwiri ndi yakuti zigawo 34 mwa zigawo 50 zipemphe msonkhano waukulu wokonza malamulo, ndipo Congress ilibe mphamvu yokana. Njira iliyonse ikatsatidwa, pamafunikabe zigawo 38 kuti zivomereze kusinthako. Malamulowa asinthidwa ka 27, ndipo ulendo uliwonse anadzera ku Congress. Msonkhano wa zigawo sunaitanidwepo ngakhale kamodzi.

2. Amene anaumirira njirayi anakana kusaina

Pa 15 Sepitembala 1787, kutangotsala masiku awiri kuti nthumwi zisaine malamulowa ku Philadelphia, George Mason wa ku Virginia anadandaula kuti boma likadzayamba kupondereza anthu, Congress sidzalola lamulo lililonse lodzichepetsera yokha mphamvu. Anzake anamumvera ndipo anaikamo njira ya msonkhano. Tsiku losaina litafika, Mason anakana kuika dzina lake, mwa zina chifukwa munalibe mndandanda wa ufulu wa anthu.

3. Jefferson anafuna kuletsa ngongole, kenako anakongola

Mu 1798 Thomas Jefferson analemba m'kalata kuti akanakonda pakanakhala kusintha kumodzi kokha: kulanda boma mphamvu yokongola ndalama. Patangopita zaka zisanu, ali pulezidenti, anagula dera la Louisiana kwa dziko la France pa mtengo wa madola 15 miliyoni. Ndalama zambiri za malondawo zinali za ngongole, kudzera kwa eni mabanki a ku London ndi Amsterdam. Dziko linakula pafupifupi kuwirikiza kawiri ndi mphamvu yomwe iye mwini ankafuna kuithetsa.

4. Kunangotsala zigawo ziwiri

Kampeni yamakono inayaka moto cha m'ma 1975, motsogozedwa ndi bungwe la National Taxpayers Union. Sinali ya chipani chimodzi: mu 1979 bwanamkubwa wa California, Jerry Brown, wa chipani cha Democratic, anaikira kumbuyo. Pofika 1983, Missouri inakhala chigawo cha nambala 32 kupereka pempho la msonkhano. Anthu ambiri ankaona ngati nkhani yatha kale, koma zigawo ziwiri zotsalazo sizinapezeke. Aka sikanali koyamba kutsakamira pakhomo: mu 1969 kampeni ina, yokhudza kagawidwe ka madera a aphungu, inaima pa zigawo 33.

5. Munthu mmodzi anaimitsa zonse

Mu Januwale 1995 nyumba ya House of Representatives inavomereza chiletsochi ndi mavoti 300 kwa 132. Ku Senate kunkafunika mavoti 67, koma analipo 66. Wa chipani cha Republican yekhayo amene anakana anali Mark Hatfield wa ku Oregon, mkulu wa komiti yogawa ndalama za boma. Anzake anamupanikiza mpaka iye anauza mtsogoleri wawo, Bob Dole, kuti ali wokonzeka kutula pansi udindo voti isanachitike, kuti 66 mwa 99 akwanire. Dole anakana. Pa 2 Malichi Hatfield anavota kuti ayi, ndipo nkhani inagwa. Mu 1997 ochirikiza chiletsochi anayesanso, n'kuperewera ndi voti imodzi yomweyo.

6. Palibe amene angawerenge motsimikiza

Chigawo chikapereka pempho, kodi chingathe kulibweza? Nanga pempho la mu 1976 likadali ndi moyo lero? Malamulo aakulu sanenapo kanthu. Alabama ndi Florida anabweza mapempho awo mu 1988, kenako patapita zaka anaperekanso. Delaware inabweza mu 2016, ndipo New Mexico, Maryland ndi Nevada anachita chimodzimodzi mu 2017. Michigan itapereka pempho mu 2014, ena anafuula kuti 34 yakwana, pomwe ena anati sinayandikire n'komwe. Senate inavomereza kawiri, mu 1971 ndi mu 1973, bilu ya seneta Sam Ervin yofotokoza kayendetsedwe ka msonkhano wotere, koma nyumba inayo sinaidutsitse. Mpaka lero palibe lamulo lonena kuti nthumwi zisankhidwe bwanji, kapena ngati California, yokhala ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni, idzakhale ndi voti yofanana ndi ya Wyoming, yomwe anthu ake sakwana 600,000.

7. Adani ake sadyera mbale imodzi

Otsutsa msonkhanowu akuchokera mbali zonse ziwiri za ndale. Bungwe la Common Cause likuukana, ndipo nawo magulu osafuna kusintha zinthu, monga John Birch Society ndi Eagle Forum ya malemu Phyllis Schlafly, akhala akuukana kwa zaka zambiri. Mantha awo ndi amodzi: walira mvula walira matope. Nthumwi zikangokhala pansi, ndani angaziletse kukhudza ufulu wolankhula, wachipembedzo kapena wokhala ndi mfuti? Amakumbutsa kuti nthumwi za mu 1787 zinatumidwa kukangokonza malamulo akale, koma zinabwerako ndi atsopano. Ochirikiza amayankha kuti zigawo 13 zokha zikakana, chilichonse chopanda nzeru chimafera pomwepo. Woweruza Antonin Scalia, amene mu 1979 analankhula zokomera msonkhanowu, pofika 2014 ankati sakuufuna chifukwa palibe angadziwe chomwe chingatulukemo.

8. Kuopseza kokha kumagwira ntchito

Kale maseneta ankasankhidwa ndi aphungu a m'zigawo, osati ndi anthu, ndipo Senate inkakana kusintha zimenezi. Mapempho a msonkhano atachuluka, mu 1912 Congress inafulumira kulemba yokha kusinthako, ndipo kunavomerezedwa mu 1913. Pa nkhani ya ndalama zinayendanso mofananako. Mu 1982, mapempho ali pafupi kukwana, Senate inavomereza chiletso chija ndi mavoti 69 kwa 31, ngakhale nyumba inayo sinafikitse chiwerengero. Mu 1985 kunabwera lamulo la Gramm-Rudman-Hollings lofuna kuchepetsa kuperewera kwa bajeti chaka ndi chaka, koma malire ake anasunthidwa mu 1987 ndipo anasiyidwa mu 1990.

9. Odzudzulawo amadya nawo ngongoleyo

Pafupifupi zigawo zonse zili ndi lamulo lakuti bajeti yawo isaperewere. Chodziwika kuti chilibe ndi Vermont. Aphungu a m'zigawo amati ngati iwo akutha, Washington nayo ingathe. Chomwe satchula kawirikawiri n'chakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zomwe maboma a zigawo amalandira limachokera ku Washington komweko, makamaka za chithandizo cha kuchipatala cha Medicaid, misewu ndi sukulu. Komanso zigawo zimakongola ndithu pomanga milatho ndi nyumba. Malamulo awo amakhudza kwambiri ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku.

10. Bajeti inakwanapo popanda chiletso

Kuyambira 1998 mpaka 2001 boma la America linkatsala ndi ndalama chaka chilichonse, popanda kusintha ngakhale chilembo chimodzi m'malamulo aakulu. Zinatheka chifukwa misonkho inakwezedwa mu 1990 ndi mu 1993, ndalama za asilikali zinachepetsedwa, ndipo chuma chinkayenda bwino. Kumbali inayi, dziko la Germany linaika malire a ngongole m'malamulo ake aakulu mu 2009, koma mu Malichi 2025 aphungu anawamasula kuti apeze ndalama za chitetezo.

Kampeni sinafe. Gulu la Convention of States, lomwe linayamba mu 2013, linali litakopa zigawo 19 pofika 2022, ndipo mu 2016 linachititsa msonkhano woyeserera ku Williamsburg. Koma chiletso cholembedwa papepala sichinena kuti adule penshoni ya okalamba, ndalama za asilikali kapena akweze misonkho. Chisankho chimenecho n'chomwe andale a mbali zonse akhala akuchithawa, ndipo ngakhale zigawo 34 zitakwana mawa, chidzakhala chikuwadikirabe.