Kusintha Timiyala m'Thanki ya Nsomba

M'nyumba zina ku Kafue Estates anthu aŵeta nsomba m'thanki yagalasi, pansi pake ataikapo timiyala. Timiyalato tikada, mungafune kutitaya tonse tsiku limodzi. Musatero ai. Pamenepo pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene ticotsa ululu wochedwa amoniya, wocokera ku zonyansa za nsomba. Tizilomboto tikatayidwa, nsomba zingafe ngakhale madzi aoneke oyera mbee.

Cotsani gawo limodzi la magawo 3, nimuikepo timiyala tatsopano totsuka bwino popanda sopo. Papite masabata 2 musanacotse gawo lina, kuti tizilombo tifalikire pa tatsopanoto. Ngati mwatola timiyala ku mtsinje wa Kafue, yambani mwatiŵiritsa pamoto, pakuti tingadze ndi nkhono zonyamula likodzo.